Denje la m'dimba: ndalama yake ili mu Okutobala, osati mu Febuluwale

Mu Febuluwale, mayi amene wayala denje pabenchi amakhala akupikisana ndi tchire. Mvula ikakhazikika, denje limamera lokha m'minda ya chimanga, m'mphepete mwa misewu, pachulu, ngakhale kuseri kwa bafa, ndipo aliyense wodziwa kuthyola ndiwo amalipeza ulere. Kasitomala akamva mtengo amayamba waseka, kenako n'kunenerera mpaka wogulitsa atatopa. Dzuwa likamapendeka, timitolo totsala timangopita ngati banyira kwa ogula tomato.

Benchi lomwelo mu Okutobala limakhala ndi nkhani ina. Tchire lapsa, nkhwani wa m'munda anatha kalekale, mpiru ndi repu wa m'madimba wayamba kuwawa ndi kuchita nsabwe chifukwa cha kutentha, ndipo anthu atopa ndi kabichi. Munthu amene wafika ndi dengu la denje lanthete m'mawa wa tsiku lotere safunika kutsatsa mokweza. Amayi amaitanana okha.

Chodabwitsa n'chakuti ndi alimi ochepa amene amafesa denje mwadala. Ambiri amaliona ngati udzu wodyedwa, osati mbewu yoikonzera bedi. Komatu mbewuyi imakonda kutentha komwe kumagonjetsa masamba ena, imayamba kudulidwa pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo njere zake sizifuna ndalama. Wamalonda amene ali ndi kadimba, kapena amene angagwirizane ndi mlimi wa dimba, ali ndi mwayi wa miyezi pafupifupi itatu yogulitsa ndiwo imene anzake pamzerepo alibe. Koma mwayiwu uli ndi misampha itatu: nthawi yofesa, njere zokana kumera, ndi kufota kwa masamba akadulidwa. Wolakwitsa chimodzi mwa izi amataya mpamba.

Mbewu yake ndi yotani

Dzina lakuti denje limaphatikiza zomera zingapo zapachibale. Zonse zili ndi masamba a m'mphepete mwa manomano ngati sowo, timaluwa tachikasu, ndi tizitheba tatitali topyapyala todzaza njere. Tsamba likayang'anitsitsidwa, pafupi ndi pamene lagwirana ndi kamtengo kake pamaoneka tindevu tiwiri toloza kumbuyo. Ichi ndi chizindikiro chabwino chosiyanitsira denje ndi zomera zina monga chewe, amenenso amaphikidwa therere koma ndi wa mtundu wina.

Mtundu woyenera malonda ndi umene akatswiri a zomera amautcha Corchorus olitorius. Umatalika kupitirira mita imodzi ukasiyidwa, masamba ake ndi akuluakulu, ndipo ukadulidwa umaphukanso nthambi zambiri. Mitundu ina ya m'tchire, monga uja wa tizitheba tothera ndi tinyanga titatu, ndi yokoma ndithu koma masamba ake ndi ang'onoang'ono ndipo imathamangira kuchita maluwa. Wodzaza nayo dengu amatopa asanapeze phindu.

Denje ndi la banja limodzi ndi therere lobala, chidede, limanda ndi thonje. Ku India ndi ku Bangladesh amalilima m'minda ikuluikulu, osati chifukwa cha ndiwo koma luzi lake, lomwe amapangira ziguduli. Ndiye kuti chiguduli chokutira belo la fodya ndi therere la pambale ndi apachibale enieni. M'maiko ena ndi ndiwo yolemekezeka: ku Egypt ndi ku Lebanon amati molokhia, Ayoruba a ku Nigeria amati ewedu, ku Kenya amati mrenda. Mayinawa si ongosangalatsa kumva. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre kuli anthu ochokera m'maiko amenewa, ndipo wogulitsa amene akudziwa kuti ewedu ndi denje lomweli angapeze kasitomala wogula mitolo yambiri nthawi imodzi. Pa Chingerezi limatchedwa jute mallow. Woitanitsa njere pa intaneti asamale, chifukwa palinso chomera china cha ku Ulaya chotchedwa common mallow, cha maluwa apepo ndi masamba obulungira. Nachonso chimadyedwa, koma si chimene kasitomala wa ku Ndirande kapena ku Kawale akufuna.

Juni ndi mdani

Alimi ambiri a m'dimba amakonza mabedi mu Meyi ndi Juni, akangomaliza kukolola chimanga. Imeneyi ndi nthawi yabwino ya mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi, koma kwa denje ndi nthawi yoipitsitsa pachaka, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri.

Choyamba ndi kuzizira. Denje limakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 25 ndi 32, ndipo kukatsika kufika pansi pa 15 limangoima. M'madera okwera monga Dedza, Lizulu, Tsangano, Bvumbwe ndi Mzimba, usiku wa Juni ndi Julayi umazizira kuposa pamenepo. Mbande zimamera mochedwa, zimakhala zofiirira, ndipo sabata zimatha zili pomwepo pamene mlimi akungotaya madzi.

Chachiwiri sachidziwa anthu ambiri. Denje limawerenga kutalika kwa usana. Usana ukakhala waufupi, wosakwana maola 12, chomeracho chimaona ngati nyengo yatha ndipo chimathamangira kubereka njere. M'Malawi usana wa Juni umakhala wa maola 11 ndi mphindi zowerengeka. Choncho ngakhale kumalo otentha monga Chikwawa, Nsanje, Mangochi, Salima ndi Karonga, kumene chisanu sichivuta kwenikweni, denje lofesedwa mu Meyi kapena Juni lingathe kuchita maluwa lisanafike n'komwe m'bondo. Likatero masamba amachepa, amakhwima, ndipo therere lake silinanda bwino. Feteleza sathetsa vuto limeneli, ngakhale atathiridwa wochuluka bwanji.

Usana umafanana ndi usiku chakumapeto kwa Seputembala, ndipo kuchokera pamenepo umanka nutalika mpaka Disembala. N'chifukwa chake kumadera otentha bedi loyamba liyenera kufesedwa kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, kuti pamene mbande zikukula usana ukhale ukutalika. Kumadera ozizira ndi bwino kudikira mpaka pakati pa Seputembala, nthaka itafunda. Wofesa pa 5 Seputembala amayamba kugulitsa cha m'ma 10 Okutobala, ndipo amapitiriza mpaka denje la m'tchire litayamba kufika pamsika chakumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, malinga ndi mmene mvula yayambira chaka chimenecho. Miyezi imeneyi ndiyo ya ndalama. Kufesa mu Novembala n'cholinga chogulitsa kuli ngati kunyamula mchenga kupita nawo kunyanja.

Njere zogona

Amene anayesapo kufesa denje n'kulephera nthawi zambiri amanena chimodzimodzi: anafesa njere zambiri, zinamera zowerengeka, zina zinadzatulukira patatha mwezi. Njerezo sikuti zinali zowola. Khungu lake ndi lolimba ndipo silimwa madzi msanga. M'tchire zimenezi zimathandiza, chifukwa njere sizimera zonse ndi mvula yoyamba imene ikhoza kudula. Pabedi la malonda ndi chitayiko.

Mankhwala ake ndi madzi otentha. Mlimi amange njere m'kansalu, awiritse madzi m'poto, aphule, kenako aviike kansaluko kwa masekondi 5 mpaka 10 basi. Kuwerenga pang'onopang'ono kuyambira 1 mpaka 10 n'kokwanira. Akavuula aviike m'madzi ozizira, ayanike njerezo pamthunzi mpaka zisiye kumamatirana, ndipo afese tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Njere zoviikidwa sizisungikanso, choncho aviike zokhazo za bedi limene lakonzedwa. Wosiya kansalu m'madzi otentha n'kupita kukayankha foni amapeza waphika mbewu yake.

Njere zimenezi ndi zazing'ono kwambiri, pafupifupi 500 pa galamu imodzi. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limangofuna magalamu 5, omwe ndi masupuni a tiyi awiri osadzaza. Kuti zisaunjikane malo amodzi, zisakanizidwe ndi kapu ya mchenga wouma. Zikafesedwa bwino panthaka yofunda ndi yachinyezi, zimamera pasanathe sabata.

Bedi, manyowa ndi madzi

Denje limafuna dzuwa la tsiku lonse. Pansi pa nthochi kapena mango limatalika mowonda ndipo masamba amachepa. Nthaka yabwino ndi yofewa, yosakanikira mchenga ndi chonde, yosasunga madzi pamwamba. M'dambo la makande bedi likwezedwe kutalika kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuti mizu isamire. Pabedi la mamita 10 pafunika ndowa ziwiri za malita 20 za manyowa owolerana, kaya a ng'ombe, a mbuzi, a nkhuku kapena kompositi, osakanizidwa ndi dothi masiku angapo asanafese. Manyowa aawisi amaotcha mbande ndipo amabweretsa udzu.

Mizere ikhale yodutsa bedi, yotalikirana masentimita 30, yakuya osapitirira theka la sentimita. Njere zokwiriridwa kwambiri sizituluka. Akafesa aphimbe ndi udzu wouma wopyapyala kuti madzi a kheni asakokolole njere, ndipo udzuwo uchotsedwe mbande zikangoonekera. Pakatha masabata awiri apatulire kuti mbande zitalikirane masentimita 10. Zozulidwazo zikhoza kuokeredwa pabedi lina madzulo, ngakhale zimayamba zanyentchera kwa masiku angapo. Pa sabata yachinayi kapena yachisanu azule imodzi n'kusiya imodzi, kuti zotsala zitalikirane masentimita 20. Zozulidwa ulendo wachiwiriwu ndiwo malonda oyamba, ndipo ndi zanthete kuposa zonse zimene bedilo lidzatulutse.

Masabata atatu oyamba denje limakula pang'onopang'ono ndipo udzu ukhoza kulipitirira. Likangotseka mizere, udzu umagonja wokha.

Nkhani yaikulu ndi madzi, ndipo apa m'pamene wamalonda ayenera kukhala pansi n'kuwerengera asanagwire khasu. M'dzuwa la Okutobala bedi limodzi la mamita 10 limamwa malita pafupifupi 60 patsiku, omwe ndi makheni 6 a malita 10, theka m'mawa theka madzulo. Mabedi asanu ndi makheni 30 tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Munthu amene amalawira kumsika 5 koloko n'kubwerera kutada sangakwanitse yekha. Mwina pakhale wapabanja wothirira, mwina waganyu, ndipo malipiro a waganyuyo alowe m'mawerengero a mpamba. Afunsenso ngati chitsime cha m'dimbamo chimafika Novembala chisanaphwe. Denje likasowa madzi kwa masiku awiri kapena atatu silifa msanga, koma limayamba maluwa, ndipo zikatero bedi latha ntchito. Mabedi atatu othiriridwa mokwanira amabweretsa ndalama zambiri kuposa asanu ndi atatu omwetsedwa mwa apo ndi apo. Kuyala udzu wouma pakati pa mizere kumachepetsa ntchito yothirira ndithu.

Mabediwo asafesedwe tsiku limodzi. Akasiyanitsidwa ndi sabata imodzi kapena awiri, sabata iliyonse pamakhala bedi lodula, ndipo kasitomala amazolowera kuti pabenchi lakutilakuti denje silisowa. Wofesa onse pamodzi amakhala ndi madengu anayi sabata imodzi, n'kukhala wopanda kanthu masabata awiri otsatira.

Zoononga

Mdani wamkulu wa denje saoneka ndi maso. Ndi tinyongolotsi ta m'nthaka timene timatupitsa mizu, tomwe alangizi amatitcha manematodi. Chomera chogwidwa chimapinimbira, chimachita chikasu, ndipo chimafota masana ngakhale chathiriridwa. Chikazulidwa, mizu yake imakhala ndi timfundo totupa. Tinyongolotsiti timaswana kwambiri pamene panali tomato, therere lobala, mabiringanya kapena nazale ya fodya, ndipo madimba ambiri a m'chigawo chapakati adutsamo mbewu zimenezi chaka ndi chaka. Bedi la denje liikidwe pamene panali chimanga kapena pamene panagonera udzu, ndipo lisabwerezedwe malo amodzi zaka zotsatizana. Manyowa ochuluka amathandiza chomera kupirira, koma sachiritsa nthaka.

M'nyengo yotentha ndi youma kumabweranso akangaude ofiira aja amavutitsa tomato. Amakhala kunsi kwa tsamba, ndipo tsambalo limachita timadontho toyera kenako n'kuuma. Kuthirira mowaza masamba kumawachepetsa. Ziwala, makamaka nunkhadala, ndi timbozi timaboola masamba, ndipo tsamba lobooka limagwa mtengo ngakhale kukoma kwake kuli komweko. Pamabedi ochepa, kutola ndi manja m'mamawa kumakwanira, ndipo madzi a masamba a nimu osinja amathandiza. Mbande zikamawola patsinde n'kugwa, ndiye kuti zathinana kapena madzi achuluka.

Pa mankhwala ogula, mlimi akumbukire kuti denje limadulidwa pafupipafupi ndipo chimene chimapoperedwa ndi chomwecho chimadyedwa. Botolo lililonse lovomerezeka limalemba masiku oyenera kudikira asanakolole. Ngati masikuwo akupitirira tsiku lodula, asapopere. Mankhwala otsala ku thonje kapena ku fodya asayandikire bedi la ndiwo. Wopikula naye ali ndi ufulu wofunsa mlimi tsiku limene anapopera, chifukwa banja likadwala m'mimba, kasitomala sapita kudimba. Amabwera pabenchi.

Kudula

Zomera zikafika masentimita 30 mpaka 40, mlimi adule nsonga ndi mpeni wakuthwa, n'kusiya chitsa cha masentimita pafupifupi 15 chokhala ndi masamba angapo. Pamfundo zotsalazo pamatuluka nthambi zatsopano, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu bedi limakhala lokonzeka kudulidwanso. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu ndiwo umatulutsa zambiri. Akadula athire chakudya: bokosi la machesi limodzi la feteleza wa CAN pa mamita awiri aliwonse a bedi, m'mbali mwa mizere, kenako madzi. Wopanda feteleza aviike zitosi za nkhuku m'thumba mumgolo wa madzi kwa masabata awiri, asungunule ndi madzi ena mpaka zioneke ngati tiyi wopepuka, n'kuthira pansi, osati pamasamba.

Ku Nigeria, kumene mbewuyi imalimidwa kwambiri ngati malonda, bedi la kukula kotere limapereka makilogalamu 20 mpaka 25 likadulidwa kangapo pa miyezi itatu kapena inayi. Woyamba kumene asawerengere zofika pamenepo chaka choyamba. Chofunika n'kulemba m'kabuku timitolo timene bedi lililonse latulutsa, kuti chaka chinacho adziwe mabedi oyenera kukonza.

Nthawi yodula ndi m'bandakucha, kapena madzulo dzuwa litapepa ngati ulendo wa kumsika ndi wa usiku. Denje lodulidwa masana limafika pamsika litagona kale.

Masamu a pabenchi

Pa ndiwo zonse zamasamba, denje lili m'gulu la zofota msanga. Kabichi amadikira sabata, mpiru umapirira masiku awiri kapena atatu, koma denje la m'mawa likafika mawa lake limakhala litada ndi kuyoyoka. Wopikula aliyense ayenera kudziwa chimene kufotaku kumachita ku phindu lake, ndipo chitsanzo ichi chikuonetsa. Mitengo yake ndi yongoyerekeza, popeza ya pamsika imasintha sabata ndi sabata, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Mayi wapikula timitolo 60 pa K200 kamodzi, zonse K12,000. Minibasi, wonyamula ndi chiphaso cha msika zadya K2,000. Mpamba wa tsikulo ndi K14,000. Akagulitsa tonse pa K300 amapeza K18,000, phindu K4,000. Koma kuti angobweza mpamba wake ayenera kugulitsa timitolo 47. Phindu lonse lili mu timitolo 13 tomaliza, tomwe ndi timene timagulitsidwa madzulo, titafota. Tikatsala 15, mayiyo wagulitsa 45, wapeza K13,500, ndipo wagwira ntchito tsiku lonse n'kuluza K500. Ambiri sazindikira kuluza kotere chifukwa ndalama ya denje imasakanikirana ndi ya tomato ndi anyezi m'kathumba kamodzi.

Choncho woyamba kugulitsa denje apikule zochepa, zoti zithe pofika 11 koloko m'mawa, nthawi imene amayi amagula ndiwo za nkhomaliro. Kuuza makasitomala awiri kuti latha kuli bwino kusiyana ndi kubwerera kunyumba ndi theka la dengu. Ponyamula agwiritse ntchito dengu kapena kreti yolowa mpweya, osati thumba la feteleza lopanikiza, chifukwa masamba othinana amatentha okha n'kuda. Pabenchi timitolo tiimikidwe m'beseni la madzi ochepa, mitengo yokha ndiyo imire, ndipo pamwamba aphimbe ndi chiguduli chonyowa. Pamaso pa kasitomala pakhale timitolo tochepa, totsala tikhale pamthunzi. Madzi owaza akhale a pampopi kapena pamjigo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kuyambira pamenepo ogula ambiri amayang'ana chidebe chimene wogulitsa akutungamo.

Timitolo tikhale tofanana kukula tsiku ndi tsiku. Kasitomala amakhululuka mtengo ukakwera, koma kamtolo kakachepa mwakabisira amasamukira kwa wina. Ndipo popeza wogula denje amafunanso tomato ndi soda, wogulitsa wochenjera amaika zitatuzi pamodzi n'kutchula mtengo umodzi wa ndiwo yonse. Pamene kasitomala akusankha, angathe kumukumbutsa kuti masambawa ali ndi vitamini A, ayironi ndi kashiamu wambiri, komanso kuti soda kapena chidulo chikachuluka chimaononga ena mwa mavitamini, choncho kachepa n'kokwanira. Kunena zoona, si aliyense adzagule. Alipo abambo amene sakhudza therere la mtundu uliwonse poti amati limafooketsa, ndipo ena amati limasukulutsa mankhwala. Kutsutsana nawo pabenchi n'kutaya nthawi. Akazi awo amagulabe la ana.

Wamalonda wopanda dimba asadikire kuti denje limupeze pamalo opikulira. Apite kwa mlimi mu Ogasiti, ampatse njere ngati alibe, ndipo agwirizane zinthu zitatu pamaso pa mboni: masiku odula, kukula kwa kamtolo, ndi mtengo wa mwezi woyamba. Mlimi amavomera msanga kuyesa mbewu yachilendo akadziwa kuti wogula alipo kale. Koma pangano la pakamwa lopanda mtengo limasweka tsiku limene wopikula wina wafika kudimba ndi K50 yoonjezera.

Lotsala lisatayidwe

Ubwino wa denje ndi wakuti lofota silinathe ntchito, bola lisanayambe kuwola. Limauma bwino, ndipo louma limasungika miyezi yambiri. Mosiyana ndi mfutso wa nkhwani kapena khwanya, denje silifuna kuwiritsa kaye, chifukwa likalowa m'madzi otentha limananda n'kumamatirana. Wogulitsa apulule masamba madzulo omwewo, ataye akuda ndi owola, atsuke, n'kuyala mopyapyala pamphasa yoyera kapena pathandala, pamwamba pomwe nkhuku, agalu ndi fumbi sizifika. Pamthunzi wodutsa mphepo masamba amasunga mtundu wobiriwira, pamene padzuwa lamphamvu amauma msanga koma amayezuka, ndipo ogula amasankha obiriwira. Auma mokwanira akamafumbutuka m'manja. Ena amagulitsa masamba athunthu, ena amasinja n'kusefa kukhala ufa.

Makilogalamu 5 a masamba okhaokha amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi akauma, choncho mtengo wa louma uwerengedwe kuchokera pamenepo, osati mongoganizira. Apa m'pamenenso denje la Febuluwale ndi Malichi, lija lopanda mtengo, limasanduka katundu. Wolipikula motchipa nthawi imeneyo n'kuliumitsa bwino amaligulitsa kuyambira Juni mpaka Seputembala, pamene la m'dimba lisanayambe. Vuto lake ndi chinyezi cha dzinja: masamba ochedwa kuuma amachita nkhungu, ndipo a nkhungu ndi otaya basi. Agogo ankasunga m'zikwatu zopachika kukhitchini. Wamalonda asunge m'ndowa youma ya chivundikiro chothina, n'kumagulitsa ndi supuni kapena kakapu. Timapepala tapulasitiki topyapyala, tosakwana ma micron 60, ndi toletsedwa m'Malawi, ndipo wofuna kulongedza ufa wa denje m'mapaketi olembedwa kuti ulowe m'masitolo ayambe wafunsa ku Malawi Bureau of Standards.

Njere za chaka chamawa

Njere za denje sizipezekapezeka m'mashopu a zaulimi, choncho mlimi amadzidalira yekha. Amene akuyamba atole mu Epulo ndi Meyi kuchokera ku zomera za m'munda, posankha zazitali, za masamba akuluakulu, zimene zinachedwa kuchita maluwa. Amene ali kale ndi mabedi asiye zomera 10 zabwino kwambiri kumapeto kwa bedi osazidula. Kulakwitsa kofala n'kutenga njere ku zomera zimene zayamba kubereka msanga, poti ndizo zimaoneka koyamba. Wotero amakhala akusankha mtundu wothamangira maluwa, ndipo chaka ndi chaka masamba ake amanka nachepa. Alangizi a zaulimi a m'dera angathandizenso kufunsa ku malo a kafukufuku monga Bvumbwe, Chitedze ndi Bunda, kumene amagwira ntchito ndi ndiwo zamakolo.

Tizitheba tikasanduka tofiirira koma tisanayambe kuthetheka, adule nthambi zonse, aumitse pansalu, apunthe, apete, n'kusunga njere m'botolo louma lotseka bwino, lolembedwa mwezi ndi chaka. Botololo likhale patali ndi ana, nkhuku ndi ziweto, chifukwa ngakhale masamba ndi chakudya, njere za denje zili ndi poizoni. N'chifukwa chakenso tizitheba tokhwima tisalowe m'masamba osinja.

Kumayambiriro kwa Ogasiti, bedi lisanakonzedwe, mlimi atenge njere 20, aziviike m'madzi otentha monga mwa nthawi zonse, aziike pakansalu konyowa m'mbale pamalo ofunda, ndipo awerenge zomera pakatha sabata. Zikamera 15 kapena kuposa, masupuni awiri aja akwanira. Zikamera zosakwana 10, awirikize muyeso kapena afune njere zina Seputembala asanafike.